MALORI OLEMERA PA MISEU YA KUMIDZI: LAMULO LA CHISANU KU MICHIGAN

Chaka chiri chonse, nyengo ya chisanu ikamatha m'chigawo cha Michigan, kumpoto kwa dziko la America, anchito a miseu amatuluka ndi zikwangwani nazikhoma m'mbali mwa miseu ya kumidzi. Mau a pa zikwangwanizo ndi ochepa, koma amasintha nchito ya anthu ambirimbiri. Kuyambira tsiku limenelo kulemera kumene lori imaloledwa kuyenda nako pa mseu wotere kumachepetsedwa ndi gawo limodzi mwa magawo anai, kapena kuposa pamenepo, ndipo lori siiloledwa kuthamanga kupitirira mailosi 35 pa ora. Eni malori amadandaula, ogulitsa matabwa ndi miyala amawerengera ndarama zimene ziwapite, koma lamulolo limabwerabe chaka ndi chaka. Anthu a kumeneko amalitcha lamulo la chisanu.

Nkhani iyi ndi yoyenera kuilingalira bwino, pakuti mkati mwake muli funso limene limabvutitsa Boma liri lonse losunga miseu. Mwini lori walipira msonkho wa galimoto yake ndi msonkho wa mafuta, ndipo katundu amene wanyamula ndi chakudya, matabwa ndi sementi zimene anthu onse akuzifuna. Nanga kabungwe kakang'ono ka miseu katenga kuti mphamvu yomuuza kuti apa asapite, kapena apite ndi theka la katundu? Yankho la a ku Michigan ndi lakuti kuonongeka kwakukulu kwa mseu wa kumidzi kumachitika m'masabata owerengeka pamene nthaka ya pansi pake yafewa, ndipo amene adzalipira poukonzanso ndiye ayenera kupatsidwa mphamvu youtchinjiriza pa masabata amenewo.

ENI AKE A MISEU

Dziko la America lagawidwa m'zigawo 50, chiri chonse ndi Boma lake ndi Nyumba ya Malamulo yake. Michigan ndi chimodzi mwa izo. Likulu lake ndi Lansing, ndipo mzinda wake waukulu ndi Detroit, kwao kwa mafakitale a magalimoto. Chigawochi chagawidwanso m'maboma ang'onoang'ono 83 otchedwa county, amene angayerekezedwe ndi maboma a Dedza kapena Mulanje kuno ku Malawi. Miseu yonse ya mu Michigan ikaphatikizidwa imakwana mailosi ngati 120,000. Pa imeneyi Boma la ku Lansing limasunga yosafika mailosi 10,000, ndiyo miseu ikuluikulu yolumikiza mizinda. Mizinda ndi matauni amasunga yao. Koma mailosi ngati 90,000, ndiwo magawo atatu mwa anai a miseu yonse, ali m'manja mwa ma county.

Makonzedwe amenewa ndi akale. Lamulo la mu 1893 linaloleza county kukhala ndi komiti yake ya miseu ngati anthu ake abvomereza pa voti. Komiti ya county ya Wayne ndiyo inamanga mu 1909 mailo imodzi ya mseu wa konkire pa Woodward Avenue, pafupi ndi Detroit, imene imatchuka kuti ndi yoyamba yotere m'dziko lonselo. Mu 1931 lamulo lina linachotsa miseu m'manja mwa timaboma ta m'midzi totchedwa township, n'kuipereka kwa ma county. Ndipo mu 1951 lamulo lodziwika ndi nambala 51 linakhazikitsa kagawidwe ka ndarama za msonkho wa mafuta ndi wa magalimoto. Kwa zaka zambiri kagawidweko kakhala kotere: pa 100 iri yonse ya ndarama zogawidwa, 39.1 ipita ku miseu ya Boma la ku Lansing, 39.1 ku ma county, ndipo 21.8 ku mizinda ndi matauni.

Pamenepa bvuto likuonekera poyera. Ma county ali ndi miseu yotalika kasanu ndi kanai kuposa ya Boma la ku Lansing, koma gawo lao la ndarama ndi lolingana. Komiti ya miseu iribenso mphamvu yokhometsa anthu msonkho payokha. Kuonjezera apo, miseu yambiri ya kumidzi inayamba monga njira za ngolo zokokedwa ndi akavalo, ndipo pambuyo pake anangoithira miyala ndi tara wopyapyala pamwamba. Siinamangidwire malori a masiku ano.

ZIMENE ZIMACHITIKA PANSI PA MSEU

Ku Michigan chisanu chimafika poumitsa madzi a m'nthaka, nthawi zina kufikira mita imodzi kunka pansi. Madziwo akamaundana amafufuma, nakokanso madzi ena a pansi, kotero kuti mseu umatukuka pang'ono. Pa nthawi imeneyi mseu umakhala wolimba ngati thanthwe, ndipo lori yolemera siuchita kanthu.

Ngozi imafika kukayamba kufunda. Dzuwa limasungunula nthaka kuyambira pamwamba, pamene pansi pakali poundana. Madzi osungunukawo amasowa kolowera, popeza pansi patsekeka ngati pa tsinde la mphika, ndipo miyala ndi dothi zimene zimachirikiza tara zimasanduka phala. Munthu amene anapondapo pa dambo mvula itagwa masiku angapo adziwa mmene pamakhalira: pamwamba udzu ukuoneka bwino, koma phazi limatitimira. Lori yolemera ikadutsa pamenepo tara amapindika, nang'ambika timing'alu tonga ta pa msana wa ng'ona. Madzi amalowa m'ming'alumo, matayala amagumula zidutswa, ndipo pakutha kwa masabata ochepa mseu umadzala maenje. Nthaka ikasungunuka yonse madzi n'kutsika, mseu umabwereranso m'mphamvu yake. Ndicho chifukwa chake lamuloli ndi la nyengo, osati la chaka chonse.

MAYESO A KU ILLINOIS

Chimene chimaphwanya mseu si kulemera kwa lori yonse kokha ai, koma makamaka kulemera kumene kwagwera pa ekiselo iri yonse, ndiko kuti chitsulo chopingasa chimene matayala a mbali ziwiri amazungulirapo. Zimenezi zinatsimikizidwa ndi mayeso aakulu amene bungwe la akuluakulu a miseu a zigawo za America, lotchedwa AASHO pa nthawiyo, linachita pafupi ndi tauni ya Ottawa m'chigawo cha Illinois, kuyambira October 1958 kufikira November 1960. Anamanga miseu 6 yozungulira, yogawidwa m'zidutswa za makulidwe osiyanasiyana, za tara ndi za konkire, ndipo asilikari anayendetsapo malori olemera mosiyanasiyana tsiku ndi tsiku kwa zaka ziwiri. Nchito yonse inadya madola 27 miliyoni. Anaona kuti zidutswa zambiri za tara zinaonongeka pa nyengo yomweyo yosungunuka nthaka.

Chachikulu chimene anapeza, aphunzitsi a masamu achizindikira msanga. Kulemera kwa pa ekiselo kukawirikizidwa kawiri, kuonongeka kwa mseu sikuwirikiza kawiri, koma pafupifupi ka 16, monga 2 x 2 x 2 x 2. Kukawirikizidwa katatu, kuonongeka kumafika pafupifupi ka 81. Potsata mayeso amenewa, ofesi yofufuza kayendetsedwe ka chuma cha Boma la America inalemba mu 1979 kuti lori imodzi ya maekiselo 5 yolemera mapaundi 80,000, ndiwo matani ngati 36, imaononga mseu monga magalimoto ang'onoang'ono 9,600.

Masamu omwewo amagwiranso nchito chobwerera m'mbuyo, ndipo ndiwo maziko a lamulo la chisanu. Kulemera kwa pa ekiselo kukachepetsedwa ndi 35 pa 100, kuonongeka kumatsika kufikira pansi pa gawo limodzi mwa magawo asanu. Kutsitsa katundu pang'ono kumapulumutsa mseu kwakukulu.

Mayeso omwewa ndiwo amene Boma la Michigan limatsamira poteteza lamulo lake lina limene limadabwitsa alendo. Pa miseu ikuluikulu ya Boma la ku Washington malire odziwika ndi mapaundi 80,000, koma Michigan amaloleza lori kufika mapaundi 164,000, ndiwo matani ngati 74, malinga ikhale ndi maekiselo 11, ambiri mwa iwo osapitirira mapaundi 13,000. Mutu umodzi susenza denga, ndipo akatswiri a miseu a ku Lansing amati katundu wogawidwa pa maekiselo ambiri sapweteka tara monga katundu wochepa wounjikidwa pa maekiselo owerengeka. Otsutsa amayankha kuti mlatho umasenza lori yonse nthawi imodzi, ndi kuti matayala ambiri amakwekwesa tara pokhota. Mu 2014 aphungu a Nyumba ya Senate ya Michigan anakana maganizo otsitsa malirewo kufika pa mapaundi 80,000. Koma mbali zonse ziwiri zimabvomerezana pa chinthu chimodzi, chakuti nthaka ikafewa mseu wopyapyala sungasenze ngakhale muyeso wa masiku onse.

MAU A LAMULO

Lamulo la magalimoto la Michigan limatchula miyezi ya March, April ndi May. Pa miyezi imeneyi kulemera kololedwa pa ekiselo kumachepetsedwa ndi 25 pa 100 pa miseu ya konkire, ndi 35 pa 100 pa miseu ina yonse, ya tara ndi ya miyala. Chotero ekiselo imene masiku onse imaloledwa mapaundi 18,000 imatsikira pa 13,500 pa konkire ndi 11,700 pa tara, ndipo ya mapaundi 13,000 imatsikira pa 9,750 ndi 8,450. Liwiro limachepetsedwanso, pakuti lori yothamanga ikadumpha pa malo otukuka imamenya mseu koposa kulemera kwake.

Koma chisanu sichiwerenga kalendala. Motero lamulo limapatsa osunga miseu mphamvu yoyambitsa chiletso pa nthawi ina iri yonse pamene mseu wafooka, ndi kuchichotsa pamene walimba. Komiti iri yonse imayesa kuzama kwa chisanu m'nthaka ya kwao, niyang'ana mmene nyengo ikuyendera, kenaka nilengeza tsiku. Ma county a kumwera amayamba msanga, zaka zofunda ngakhale mu February, pamene a kumpoto kwenikweni, ku Upper Peninsula, amachedwa kuyamba nachedwanso kutsiriza. Miseu imene inamangidwa ndi maziko okhuthala imalembedwa kuti ndi ya nyengo zonse, ndipo chiletso sichiikhudza.

Makomiti ambiri ali ndi munthu wao woyang'anira kulemera kwa malori, amene amayenda ndi masikelo onyamulika m'galimoto. Iye akakayikira lori amaiimitsa naipima ekiselo iri yonse payokha. Chindapusa chimawerengedwa pa paundi iri yonse yopitirira malire, ndipo chimakula pamene kulakwa kwakula, kuyambira masenti 3 kufikira masenti 20 pa paundi. Lori imodzi ingathe kulipitsidwa madola zikwizikwi pa ulendo umodzi. Chochititsa chidwi ndi chakuti ku Michigan, mwa mwambo wakale wolembedwa m'malamulo ao, ndarama za chindapusa cha malamulo a Boma zimathandiza malaibulale a anthu onse. Wopima lori sakudzazira thumba la komiti imene yamtuma.

MADANDAULO A ENI MALORI

Si bwino kuganiza kuti odandaula alibe mfundo. Lori yopanda kanthu iri nako kulemera kwake kumene sikungachepetsedwe, chotero kuchepetsa konse kumagwera pa katundu. Mwachitsanzo, lori yololedwa mapaundi 80,000 imene payokha ilemera 30,000 imanyamula katundu wa 50,000. Malire akatsika ndi 35 pa 100 nafika pa 52,000, katundu amatsala 22,000 okha, wosakwana theka. Dalaivala alipidwa chimodzimodzi, mafuta sachepa kwenikweni, koma maulendo awirikiza. Mtengo wakewo pomaliza umagwera wogula.

Pali katundu amene angathe kudikira. Odula mitengo ku Upper Peninsula amafulumira kututa zipika nthaka ikali youndana, naziunjika pafupi ndi miseu ya nyengo zonse kuti mafakitale a matabwa ndi a mapepala asaime. Omanga nyumba amakonzeratu kuti miyala ndi makina olemera zifike chiletso chisanayambe kapena chitatha. Koma ng'ombe siidziwa lamulo la chisanu. Imakamidwa tsiku liri lonse, ndipo mkaka ukagonera m'thanki masiku ambiri umatayidwa. Nyumba imene gasi wotenthetsera wathamo singauzidwe kuti iyembekeze mwezi wa May, ndiponso mzati wa magetsi ukagwa usiku, galimoto yolemera yokaudzutsa iyenera kufika.

Pa chifukwa chimenechi Nyumba ya Malamulo inatsegula makomo ena, koma liri lonse ndi mlonda wake. Wonyamula mkaka angathe kupempha m'kalata kuti aloledwe pa miseu imene waitchula. Komiti iyenera kumyankha asanathe masiku 30, ndipo ikakana ilembe chifukwa chake, nimsonyeze njira zina zimene angadzere. Wonyamula zokolola kapena zofunika pa munda amadziwitsa komiti kukali maora 48, nalandira chikalata chonena mseu woti adzere, tsiku ndi nthawi, ndi liwiro lake. Magalimoto okonza magetsi pa nthawi ya ngozi ndi operekera gasi m'nyumba nawonso ali ndi makonzedwe ao. Mwa njira imeneyi komiti siitseka mlimi, koma imasankha kumene kulemera kudzere. Ingathe kutumiza lori pa mseu wolimba ngakhale uli wozungulira, kapena kuiuza kuti ipite m'mamawa nthaka isanafewe ndi dzuwa.

Mankhwala enieni, monga onse amadziwa, ndi kumanga miseu yolimba. Mu 1987 Michigan anakhazikitsa thumba la ndarama zotukula chuma kudzera m'miseu, ndipo gawo lina la thumbalo ndi lolimbitsa miseu ya kumidzi kuti ikhale ya nyengo zonse. Nchitoyo imapita pang'onopang'ono, pakuti kumanganso mseu kuyambira pa maziko kumadya ndarama zochuluka kwambiri kuposa kuusamala.

KUKANKHIRA MALORI KWA ANANSI

Pali chiletso cha mtundu wina chimene sichiyendera nyengo. Lamulo limalolezanso makomiti a miseu, mizinda ndi ma township kuletsa malori pa miseu ina chaka chonse, kapena kuwaikira njira zao, malinga akhome zikwangwani zooneka bwino. Apa zifukwa zimakhala zina: phokoso, pfumbi, ana a sukulu oyenda m'mbali mwa mseu, ndi malori a miyala otuluka m'migodi kuyambira m'bandakucha.

Chiletso chotere chiri ndi msampha wake. Lori ikaletsedwa pa mseu umodzi siisowa ai. Imangodzera pa wina. Township imodzi ikatseka miseu yake, malori onse amakhuthukira kwa anansi, ndipo anansiwo akatsekanso yao, mgodi kapena fakitale imatsala yopanda potulukira. Ndicho chifukwa chake lamulo limapatsa township yoyandikana mwai wokadandaula m'kalata ku komiti ya miseu ya county, ngati chiletso cha anzao chakankhira malori pa mseu wa m'malire mwao, ndipo komiti imaweruza pakati pao. Boma la ku Washington nalonso, mwa lamulo la mu 1982, limafuna kuti malori oyenda pa miseu ikuluikulu apatsidwe njira yoyenera yofikira kumene amatsitsa katundu, kumwetsa mafuta ndi kukonzedwa. Mphamvu ya boma laling'ono ndi yeniyeni, koma iri ndi malire pamwamba ndi m'mbali momwe.

MTENGO WA KULEKERERA

Chimene chimachitika mseu ukaonongeka ndarama palibe, a ku Michigan anachiona ndi maso. Pa zaka za kugwa kwa chuma, pofika mu 2010, ma county osachepera 38 mwa 83 anali atagumula tara pa miseu ina naibwezera ku miyala, popeza analibe ndarama zoimanganso. Anthu amene makolo ao anakondwera pofika tara anayambanso kumeza pfumbi, ndipo mlimi wa mkaka yemweyo, amene chiletso cha masabata ochepa chinkamuwawa, anatsala ndi mseu woipa chaka chonse.

Kuno ku Malawi kulibe chisanu choumitsa nthaka, koma mdani wa mseu ndi yemweyo, ndiye madzi okhala pansi pa tara, ndipo nyengo yake ndi ya dzinja. Ekiselo ya mapaundi 18,000, ndiwo matani 8.2, imene inali muyeso pa mayeso a ku Illinois, ndiyo imene akatswiri a miseu a maiko ambiri, ndi a kuno kumwera kwa Africa omwe, amawerengera polemba mapulani a mseu watsopano. Masikelo a magalimoto onga a ku Mwanza, Songwe ndi Balaka amagwira nchito pa maziko omwewo, koma ali pa miseu ikuluikulu, pamene mseu wofooka koposa ndi uja wopatukira kumudzi.

Lamulo la ku Michigan lakhalitsa chifukwa cha zinthu zinai zimene wogwira nchito ya Boma ali yense angazione. Limaikidwa ndi anthu amene amaudziwa mseuwo ndipo adzaukonza okha. Limalengezedwa poyera, ndi zikwangwani ndi manambala amene dalaivala angathe kuwawerengera asananyamuke. Liri ndi makomo a katundu wosadikira, ndi njira yodandaulira kwa amene wakanizidwa. Ndipo limatha. Madzi akatsika nthaka n'kulimba, anchito omwe aja amabweranso nachotsa zikwangwani, ndipo malori amadzazanso katundu pa mseu umene ukali ndi tara wake.